Ndemanga ya m'nyuzipepala ya pasukulu izipempha chinthu chimodzi chotheka

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhuleko ndi ophunzira a m'sukulu za sekondale za kuno kuchigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, amene amatulutsa timanyuzipepala ta pasukulu, pamodzi ndi aphunzitsi owayang'anira. Timanyuzipepala timeneti tilipo ndithu, ngakhale kuti tambiri ndi mapepala a manila okhomedwa pabolodi la zidziwitso, kapena masamba anayi a fotokope opangidwa pamsika pamene magetsi ayaka. Za mpira, ndakatulo ndi nthabwala, ana athu amalemba mokoma. Pomwe pamavuta ndi pa ndemanga ya mkonzi, ija imene imanena maganizo a nyuzipepala yonse n'cholinga chokopa owerenga kuti achitepo kanthu. Zambiri zimatuluka ngati chimangirizo cha pamayeso, cha "ubwino ndi kuipa kwa" chakutichakuti. Zina zimamveka ngati ulaliki, ndipo zina ndi kulalata chabe. Munthu amawerenga, n'kugwedeza mutu, n'kumapita, ndipo mawa lake zonse zili chimodzimodzi.

Musanagwire cholembera, yankhani funso ili mokweza pamaso pa anzanu a m'kalabu: tikufuna ndani achite chiyani, pofika liti? Yankho likwane m'chiganizo chimodzi. Likakana kukwana, ndemanga sinapse, musailembe. "Boma liganizire maphunziro a kuchigwa" si yankho, chifukwa palibe munthu wotchedwa boma amene adzaime pabolodi lanu n'kuwerenga. Koma "komiti ya makolo ndi aphunzitsi igule ndowa zinayi za mpopi kutentha kwa Okutobala kusanafike" ndi yankho, pakuti muli munthu woti achite, muli chinthu chooneka, ndipo muli nthawi.

Apa mpomwe ambiri amaphonya. Ophunzira ali ndi madandaulo ambiri, ndipo mpata wolemba ukapezeka amafuna kuthira zonse m'tsamba limodzi: ndiwo za nyemba tsiku ndi tsiku, mabuku ochepa, zimbudzi zodzadza, aphunzitsi a sayansi osakwanira, malipiro okwera. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mphunzitsi wamkulu akaona madandaulo asanu, amasankha limodzi lomwe silili m'manja mwake, monga kuchepa kwa aphunzitsi komwe kumadalira unduna, n'kuyankha lomwelo, ndipo anayi otsalawo amakwiririka. Mukamupatsa limodzi lomwe lili m'manja mwake, alibe kothawira. Enawo asungeni, nyuzipepala idzatulukanso.

Dziwaninso khomo loyenera kugogoda. Za nthawi ya buleki, ndandanda ya maphunziro ndi kutsegula laibulale ndi za mphunzitsi wamkulu. Zofuna ndalama zochepa, monga ndowa, loko kapena kukonza chitseko cha chimbudzi, ndi za komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Za atsikana osiyira sukulu panjira zimakhudza amayi a mother group ndi mafumu. Kutumiza aphunzitsi kusekondale ndi nkhani ya unduna kudzera ku ofesi ya maphunziro ya chigawo, ndipo Chikwawa ndi Nsanje zili m'chigawo cha South West. Ndemanga yodzudzula ahedi pa chinthu chomwe chili m'manja mwa khonsolo imangowakwiyitsa, ndipo imaonetsa kuti olembawo sanafufuze.

Tsopano za umboni, zomwe tikufuna tikhalitsepo chifukwa ndiwo msana wa ndemanga. Mwana wa Folomu 3 sangapose ahedi pa udindo kapena pa msinkhu. Chomwe angawapose nacho ndi nambala imene iwo alibe. Ndipo nambala yamphamvu kwambiri ndi imene mwawerenga nokha pasukulu panu, osati yotola pa intaneti yonena za dziko lonse.

Tiyerekeze nkhani ya madzi. Aliyense wa kuno akudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira m'madera ngati Ngabu, Nchalo ndi Bangula, ndipo kalasi ya malata opanda siling'i imasanduka ng'anjo ikamakwana 11 koloko. Kulemba kuti "ophunzira akuvutika kwambiri ndi ludzu" n'zoona, koma sikusuntha munthu. Tumani anthu awiri kumjigo ndi wotchi ndi chidebe cha malita 20. Mmodzi azipopa monga amapopera mwana wamba, mosadzionetsera mphamvu, winayo aziwerenga nthawi. Chitani zimenezi masiku atatu osiyana pa nthawi ya buleki, chifukwa tsiku limodzi likhoza kukunamizani. Tinene kuti chidebecho chikudzadza pa mphindi ziwiri, buleki ndi ya mphindi 20, ndipo m'kaundula wa sukulu muli ophunzira 400. Ndiye kuti pa buleki yonse mjigo umatulutsa zidebe 10, malita 200, theka la lita pa mwana mmodzi, ndipo apo sitinawerengere madzi otayika pomwera m'manja kapena amayi a m'mudzi amene amatunga pamjigo womwewo. Werenganinso ana amene belu limawapeza akadali pamzere. Masamu amenewa ndi a ku pulayimale, koma munthu wofuna kuwatsutsa ayenera kupita yekha kumjigo ndi wotchi yake.

Mukafika pa pempho, musathamangire mjigo watsopano. Kukumba mjigo kumafuna ndalama zomwe sukulu ya CDSS ilibe, ndipo kuno kuchigwa malo ena ukakumba umapeza madzi amchere. Pemphani chomwe chingachitike sabata yamawa: ndowa za mpopi zodzadzidwa m'mawa maphunziro asanayambe, makalasi akusinthana ntchito yotunga, komanso buleki yogawa pawiri, Folomu 1 ndi 2 kutuluka poyamba, Folomu 3 ndi 4 pambuyo. Pitani pamsika mukafunse mtengo wa ndowa m'mashopu awiri, muulembe m'ndemangamo pamodzi ndi tsiku lomwe munafunsa, popeza mitengo masiku ano sichedwa kusintha. Pempho lokhala ndi mtengo wake limalowa mosavuta pamsonkhano wa komiti.

Ngati umboni wanu ndi maganizo a ophunzira, samalani kafunsidwe. Chomwe chimalakwika kawirikawiri n'chakuti wolemba amafunsa anzake asanu ogona nawo chipinda chimodzi, kenako n'kulemba kuti "ophunzira onse akudandaula." Wina mmodzi akangoimirira n'kunena kuti iye sanafunsidwe, ndemanga yonse yagwa. Tengani kaundula wa kalasi iliyonse, muzisankha dzina lachisanu lililonse mpaka mutapeza anthu khumi, ndipo muonetsetse kuti atsikana ndi anyamata alipo mofanana. Musaiwale oyendera, amene amachokera kutali panjinga kapena wapansi, ndi a selofu amene amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, chifukwa mavuto awo ndi osiyana ndi a ogonera pahositelo. Funso likhale losakankha munthu. "Kodi sukuona kuti buleki ndi yochepa?" ndi funso lomuuziratu yankho. Funsani kuti "Dzulo pa buleki unamwa madzi?" Polemba, nenani kuti munafunsa anthu angati ndipo angati anayankha chiyani. Ngati munafunsa 40, lembani kuti "27 mwa 40," musabise kuchepa kwa anthuwo kuseri kwa maperesenti.

Nkhani zomva pa WhatsApp kapena pa Facebook si umboni. "Akuti" ndi "tamva kuti" asapezeke m'ndemanga. Chomwe simunachione ndi maso, simunachiwerenge pa pepala la ofesi, kapena simunauzidwe ndi anthu awiri osiyana, aliyense payekha, chisiyeni.

Chinthu china chimene olemba achinyamata amachiopa ndicho kutchula mfundo ya mbali inayo. Amaganiza kuti akaitchula adzigwetsa okha. Komatu owerenga amaidziwa kale, ndipo mukaidumpha amaona kuti mwathawa. Chitsanzo chabwino ndi nkhani imene imabwerabwera kuno, ya makalasi osanduka misasa ya anthu othawa madzi. Zinachitika pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, pa namondwe Idai mu Malichi 2019, pa Ana mu Januwale 2022 ndi pa Freddy mu Malichi 2023. Shire, Ruo ndi Mwanza zikasefukira, mabanja amathamangira kusukulu chifukwa nthawi zambiri ndiyo nyumba yolimba yomwe ili pokwererapo. Maphunziro amaima, madesiki amathyoka, zimbudzi zimadzadza msanga, ndipo a Folomu 4 amadzalemba mayeso a MANEB tsiku limodzi ndi anzawo a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amene sanataye sabata ndi imodzi yomwe.

Wophunzira wokwiya akhoza kulemba kuti anthuwo achoke m'makalasi. Ndemanga yotere yafa isanakhomedwe, pakuti ogona m'makalasiwo ndi amayi ake a mnzake wokhala naye desiki imodzi, mwinanso agogo ake a wolembayo. Yokopa imayamba ndi kuvomereza poyera kuti munthu amene nyumba yake yakokoloka sangauzidwe kuti agone panja, ndipo sukulu ndi ya mudzi. Ikatero ndiye imafunsa funso lomwe lili ndi yankho: popeza tikudziwa kuti madzi adzabweranso, bwanji osagwirizana lero, mvula isanayambe? Ipemphe ahedi, mafumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuti akhale pansi mu Okutobala n'kulemba makalasi amene adzatsegulidwe ndi amene adzatsale a maphunziro, chipinda chokhoma chosungiramo madesiki ndi mabuku pamalo okwera, zimbudzi za alendo ndi za ophunzira, ndi munthu wosunga makiyi. Ipemphenso kuti masiku otayika azilembedwa ndi kubwezedwa. Palibe kholo lomwe lingakane zimenezi, chifukwa mwalilemekeza musanalipemphe.

Chitsanzochi chikuonetsanso kufunika kwa nthawi yotulutsira. Ndemanga ya madzi osefukira yolembedwa mu Febuluwale, anthu ali kale m'makalasi, ndi kulira chabe. Ya ludzu ituluke mu Seputembala sukulu zikangotsegulira. Yofuna ndalama ituluke sabata imodzi kapena ziwiri msonkhano wa makolo usanachitike. Yonena za ana ojomba chifukwa cha ganyu wa m'minda ya thonje kapena kulondera mbalame m'mapira ituluke nyengoyo isanafike, pamene makolo akadali ndi mpata wokonza zina.

Kamangidwe kake n'kosavuta. Mawu 300 mpaka 400, tsamba limodzi la A4, ndime zisanu kapena zisanu n'imodzi. Ndime yoyamba inene chomwe chachitika ndi maganizo anu, m'ziganizo zosaposa zitatu. Musayambe ndi kutanthauzira kuti madzi ndi chiyani kapena kuti maphunziro ndi ofunika, owerenga anu amadziwa. Ndime ziwiri zotsatira zinyamule umboni, wamphamvu kwambiri patsogolo, chifukwa munthu woimirira padzuwa pabolodi sawerenga mpaka pansi. Kenako mfundo ya mbali inayo ndi yankho lanu, ndipo pomaliza pempho lija lokhala ndi munthu, chinthu ndi tsiku. Mutu ukhale ndi mneni. "Vuto la madzi" ndi mutu wogona. "Tigawe buleki pawiri kuti aliyense amwe madzi" ndi mutu woti ngakhale wodutsa mothamanga wamva pempho lonse.

Taonani kusiyana kwa mayambidwe awiri awa. Woyamba: "Monga tonse tikudziwa, madzi ndi moyo, ndipo popanda madzi palibe chamoyo chingakhale." Wachiwiri: "Lachiwiri lapitali belu la kutha kwa buleki linalira ana 60 akadali pamzere kumjigo. Analowa m'kalasi osamwa kanthu, ndipo anakhala choncho mpaka kuweruka." Wachiwiriyo sanatukwane munthu, sanagwiritse mawu aakulu, koma wowerenga aliyense waona mzerewo. Nambalayo ikhale yowerengedwa ndithu, osati yopeka kuti nkhani ikome.

Pa kayankhulidwe, pali maenje awiri. Lina ndi mwano: kunena ahedi kuti ndi ankhanza, ophika kuti ndi akuba, mapulifekiti kuti ndi agalu a ofesi. Kuno kwathu mwana akanyoza wamkulu pagulu, anthu amasiya nkhani yeniyeni n'kuyamba kukamba za mwanoyo, ndipo ngakhale amene amagwirizana nanu amakutayani. Lina ndi kudzichepetsa kopitirira muyeso, ndime yonse ya "pepani kwambiri, ife ndife ana, tikudziwa kuti muli ndi ntchito yambiri," mpaka pempho kusowa. Ulemu wa chiyankhulo chathu ndi wokwanira: mwatchula "aphunzitsi aakulu," mwati "tikupempha," basi, nenani nkhaniyo mosazungulira. Dzudzulani chochitika, osati khalidwe la munthu. "Laibulale yakhala yotseka masiku asanu ndi atatu mwa masiku khumi amene tinawerenga" ndi chiganizo choti mukhoza kuchiteteza paliponse. "Woyang'anira laibulale ndi waulesi" simungachiteteze, ndipo kuipitsa mbiri ya munthu ndi nkhani yoti akhoza kukusumirani, ngakhale mutalemba pa manila. Mawu ngati "nthawi zonse," "onse" ndi "palibe ndi mmodzi yemwe" achotseni, chifukwa chitsanzo chimodzi chotsutsa chimawagwetsa.

Musanakhome, pitani kwa amene mukumutchulayo ndi mafunso olemba papepala, osaposa atatu, mumupatse masiku awiri kapena atatu. Nthawi zina yankho lake limasintha nkhani yonse: mwina ndowa zinagulidwa kale ndipo zili m'sitolo kudikira mipopi, ndiye ndemanga yanu isanduka yofunsa chifukwa chake zikuchedwa. Akakana kuyankha, lembani mosakometsera kuti munafunsa tsiku lakuti ndipo yankho silinabwere.

Pali nkhani zina zomwe si za pabolodi. Dzina la mtsikana woyembekezera, matenda a munthu, mwana wolephera kulipira fizi, zimenezi musalembe, ngakhale mobisa dzina, pakuti pasukulu ya anthu ochepa aliyense amazindikira kuti "mtsikana wina wa Folomu 2 wochokera kutsidya" ndi ndani. Mungathe kulemba za mfundo yake osaloza munthu: kuti kuyambira mu 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo mungafunse ngati sukulu yanu imawalandira bwino obwererawo. Koma ngati mwamva kuti wamkulu wina akuchita zachipongwe ndi wophunzira, imeneyo si ndemanga. Kauzeni mphunzitsi amene mumamukhulupirira, amayi a mother group, a zachisamaliro cha anthu kapena apolisi a Victim Support Unit, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Kuikhoma pabolodi kumavulaza mwanayo ndipo kumachenjeza wolakwayo. Za zipani nazonso zisiyeni panja pa mpanda.

Ndemanga si ya munthu mmodzi, n'chifukwa chake imalembedwa ndi "ife" ndipo pansi pake sipakhala dzina. Akonzi asanu kapena asanu ndi awiri akhale pansi, akangane, avote. Mmodzi alembe, wina amene anatsutsa pa mkanganowo ndiye awerenge ndi cholembera chofiira, kufunsa pa nambala iliyonse kuti "iyi tinaitenga kuti?" Kope lomwe munalembamo zowerengera zanu lisungidwe ndi mlembi wa kalabu. Kenako wina aiwerenge mokweza. Pomwe wapunthwa kapena mpweya wamuthera, chiganizocho chatalika, chiduleni. Mawu 350 amatenga pafupifupi mphindi zitatu, choncho ndemanga yabwino imakwananso pa asembule. Amene wagonja pa voti apatsidwe kadanga kake kolemba maganizo ake ndi dzina lake m'munsi mwa tsambalo.

Za chiyankhulo, tikudziwa kuti sukulu zambiri zimafuna Chingerezi, ndipo n'zomveka popeza ndicho cha mayeso. Koma funsani kuti mukufuna kukopa ndani. Ngati ndi makolo ndi mafumu, ndemanga ya Chingerezi chokhachokha sifika. Lembani ziwiri, ndipo ya Chichewa muiganize m'Chichewa kuchokera pachiyambi, osati kumasulira liwu ndi liwu, chifukwa zomasulira motero zimamveka ngati chidziwitso cha kuchipatala. Kumadera kumene makolo ambiri amayankhula Chisena, pezani wophunzira wochidziwa bwino kuti akaiwerenge pamsonkhano m'chiyankhulo chawo. Mawu amene kholo lanena m'Chisena kapena m'Chimang'anja asiyeni momwe anatulukira.

Ngakhale kakhomedwe kali ndi zake. Selotepi sipirira kutentha kwa kuno, pakapita masiku awiri pepala lili pansi ndipo mbuzi zalipeza, choncho gwiritsani mapini kapena timisomali m'makona onse anayi. Inki yofiira ndi yobiriwira imafufuma msanga padzuwa, lembani ndi yakuda. Zilembo za mutu zioneke munthu ataima mamita awiri. Khomani pamthunzi pomwe anthu amaima kale, monga pakhonde la laibulale kapena pafupi ndi pomwe amalandirira chakudya. Kope limodzi likaperekedwe m'manja mwa amene mukumupemphayo, lina kwa wapampando wa komiti ya makolo, lina lisungidwe m'faelo ya kalabu.

Kwa inu aphunzitsi aakulu ndi apatironi a makalabu, tili ndi pempho lathu. Malamulo oyendetsera dziko lino, mu gawo 35 ndi 36, amateteza ufulu woyankhula ndi wa atolankhani, ndipo ana amenewa akuphunzira zomwezo m'kalasi. Sitikunena kuti muzilola chilichonse. Patironi ali ndi udindo wochotsa bodza, chipongwe ndi zoulula zinsinsi za ana. Koma kuchotsa ndemanga yoona chifukwa choti yakukhudzani n'kulakwitsa. Dandaulo lothothoredwa pabolodi silitha, limangosamukira m'makalata opanda dzina ndi pamakoma a zimbudzi, ndipo tonse tamvapo za sukulu m'dziko muno zomwe ana anaswa magalasi ndi kutentha nyumba pa nkhani za chakudya. Gwirizanani ndi kalabu kumayambiriro kwa chaka, molemba, zinthu zomwe patironi angachotse ndi zomwe sangachotse. Ndemanga ikakupwetekani, lembani yankho lanu likhomedwe pambali pake.

Inu akonzi a timanyuzipepala ta pasukulu, tsiku lomwe munatchula m'pempho lija likakwana, bwererani kumjigo ndi wotchi yomwe ija. Ngati ndowa zafika, lembani zimenezo pamalo omwewo ndi zilembo zazikulu zomwezo, ndipo mutchule amene anachitapo kanthu, chifukwa komiti yoyamikiridwa poyera imamvetsera msanga ulendo wotsatira. Ngati zafika ziwiri m'malo mwa zinayi, lembani ziwiri. Ngati palibe chachitika, musakweze mawu, ingolembani ndime imodzi yokumbutsa tsiku lomwe munapempha, yankho lomwe munalandira, ndi nambala yatsopano ya ana amene belu lawapeza pamzere sabata imeneyo.

Ndife,
Aphunzitsi olangiza makalabu a zolembalemba,
Chikwawa ndi Nsanje